Kapulana Yofiira ya pa Khomo la Flávio

Nádia atatsika shapa, minibasi yochokera ku Moatize, Lamulungu m'mawa, anapeza anthu onse a pa kintali ya Dona Isaura, bwalo la nyumba zimene iwo ankachititsa lendi, ataunjikana m'kachipinda kosungiramo katundu, atazungulira jeleira ngati anthu odzaona nkhope pa maliro. Jeleirayo inali firiji ija yaitali ngati bokosi, yotsegula pamwamba. M'kati mwake munali madzi okhaokha ndi timatumba tosungunuka ta jelinyu, madzi a malambe oundana aja. Mbuzi ziwiri zimene Dona Isaura anaphetsa Lachisanu, za pa ukwati wa mwana wawo Joaninha, zinali zitachoka, mitu ndi ziboda zomwe. Chingwe cha magetsi chinali pansi, chozulidwa kukhoma.

"Wafika mlongo wake wa woimba uja," anatero Raul, mwana wa achimwene awo a Dona Isaura. Anali atavala malaya osita bwino, mafoni awiri ali m'manja.

"Bwera, mwana iwe," anatero Dona Isaura osamuyang'ana. "Dzaone zimene wandichita mbale wako."

Flávio, mchimwene wake wa Nádia, anali atatsamira khoma, manja atapinda pachifuwa. Anali munthu wamkulu thupi, wosintha matayala a makamiyau, malole a ku mgodi, koma nthawi imeneyo ankaoneka ngati mwana wa sukulu amene wagwidwa ndi mango a aphunzitsi.

"Nyama yanu sindinaikhudze, mayi."

"Chingwe ichi amazula ndani pa kintali pano?"

"Ndine. Koma dzulo ayi."

"Kapulana yofiira amapachika ndani?"

"Ndine. Koma dzulo masana onse kunalibe ine kuno."

"Unali kuti?"

Flávio anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ndinali koyenda."

"Koyenda!" Raul anaseka. "Tia, azakhali anga, ine ndinamumva ndi makutu angawa. Ndinabwera dzuwa lili paliwombo kudzakuonani, ndinapeza inu mwachoka, kapulana ili pa khomo, munthu akubuula m'katimo ndi gitala wake. Nyimbo zimafuna zipangizo, tia. Mikirofoni sagula ndi mawu okoma."

Dona Isaura anamanga mpango wawo kachiwiri, ngakhale unali womanga kale. Akakwiya, Chinyungwe chinkawatulukira chokha.

"Ine ndin'funa lini manyazi pa ukwati wa mwana wanga, sindiwafuna. Ndikupita ku misa, kenako kwa wosoka zovala. Dzuwa likamalowa ndipeze mbuzi zanga muno, kapena undiuze kumene unali. Zikapanda kutero mawa ndili ku esikwadira kwa apolisi, ndipo iwe ndi mlongo wako mukafune kwina kogona."

Kwinako kunalibe. Chaka chimenecho malasha a ku Moatize anali atakweza chilichonse mu Tete: tomato, fumbi, ndi mapewa a eni nyumba. Aliyense amene anali ndi khola la nkhuku lofolera malata ankalipaka laimu n'kulitcha nyumba yobwereketsa. Raul ntchito yake inali imeneyo, kupezera zipinda anthu a ku mgodi, ndipo kuyambira nthawi ya dzinja ankauza azakhali ake kuti zipinda ziwiri za Flávio ndi Nádia zikungowonongeka ndi anthu a ku Angónia amenewa. Dona Isaura ankakana. M'dera lonse la Canongola ndi iwo okha amene anali asanathamangitse munthu.

Nádia anali atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Beira ndipo ankadikirabe kuti kalata zake zofunsira ntchito ziyankhidwe. Nthawi anali nayo yambiri. Anaika chikwama chake pansi, n'kuyang'ana Raul, amene ankamwetulira foni yake ina. Anakumbukira mawu a bambo ake akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

* * *

Flávio ankapeka nyimbo kuyambira ali mnyamata, ndipo palibe wailesi imene inaimbapo ngakhale imodzi. Zinkangoyenda m'mafoni a anzake a kuntchito. Iye sizinkamudetsa nkhawa. Ankati nyimbo ikatuluka m'mutu n'kukhala pena pake poti munthu angaimvere, ntchito yatha.

Situdiyo yake inali kabati yaikulu ya zovala. Ankalowamo ndi gitala, mikirofoni ndi komputadori yakale, n'kutseka chitseko, matiresi ataimika kumbuyo kwake. Koma mikirofoniyo inkamva zonse: mtondo, galu, ndowa, ndipo kuposa zonsezi, kung'ung'uza kwa jeleira ya Dona Isaura, imene inali kuseri kwa khoma lomwelo. Choncho pa kintali panabadwa mwambo. Flávio akapachika kapulana yofiira, chitenje chake chija, pa khomo lake, osinja ankaleka kusinja, galu wakuda wotchedwa Karavau ankapita naye kutsogolo, ndipo aliyense ankayenda monyang'ama. Jeleira ankaizimitsa kwa kanthawi. Tsiku loyamba Dona Isaura anamupatsa lamulo limodzi: asanazule chingwe, avule mashinelo ake, mapatapata a kumapazi, awaike pa chivundikiro. Nthaka ya ku Tete masana simapondeka ndi phazi lopanda kanthu. Munthu akafuna kutuluka panja ayenera kubwerera ku mashinelo ake, ndipo akabwerera ku mashinelo, wabwerera ku chingwe.

Nádia anatseka chitseko cha chipinda cha mchimwene wake.

"Mano Flávio, achimwene, ndiuzeni ine ndekha."

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza yani?"

"Ndikakuuza zimenezo ndiye kuti ndaswa kale."

"Chabwino. Lonjezo lanulo lili ndi denga? Chifukwa mawa tikagona m'menemo."

Flávio anakhala pa bedi, mutu atagwira. Anati anabwera dzuwa litalowa, anagona pakhonde chifukwa cha kutentha, sanamve n'komwe kuti jeleira yazima. Kapulana anaipeza pa msomali wake wa masiku onse.

Nádia sanamufunsenso. Anayamba kuyang'ana zinthu. Komputadori sinali m'kabati, inali m'chikwama cha kumsana, pamodzi ndi mikirofoni, ndipo chikwamacho chinali ndi fumbi la mumsewu. Pa khosi la gitala, Flávio ankamangapo lapisi, pensulo wamba, ndi mpira kuti akweze kapena kutsitsa nyimbo. Mawu ake anali a pansi ngati injini, choncho lapisiyo nthawi zonse inkakhala kumtunda, pafupi ndi zokungira nsambo. Lero inali itatsika mpaka pakati, pamalo pamene Flávio akanaimba, agalu a mu Canongola monse akanamuyankha.

Kenako anatulutsa kansalu ka nayiloni kokungidwa pa waya, kamene woimba amaika pakati pa pakamwa ndi mikirofoni. Anakaunika pa zenera. Pakati pake panali kadontho kofiira.

"Mano," anatero, "mwayamba liti kupaka milomo?"

* * *

Adriano, dalaivala wa makamiyau a malasha wochokera ku Beira, ankakhala chipinda choyandikana ndi cha Flávio. Nádia anamupeza atagona pa mphasa, chokupizira mphepo chikumuzungulira kumaso, thaulo lonyowa lili pamimba.

"Epa, mana, ine za mbuzi sindikudziwa. Ine ndimagona. Usiku ntchito, masana tulo. Moyo wanga ndi umenewo."

"Dzulo munamumva Flávio akuimba?"

"Kuimba sindimamumva ine. Kabati ija imameza zonse. Chimene ndimamva ndi phazi." Adriano anamenya pansi ndi chidendene. "Du, du, du. Mbale wako sangathe kuimba popanda kupondaponda. Khoma lonse limanjenjemera. Ndinamuuza kale, mano, jambula phazilo lokha, ndiye nyimbo yako yabwino kuposa zonse."

"Ndiye dzulo phazi linalipo?"

Adriano anaganiza, akukanda chibwano. "Nada, kunalibe. Dzulo ndinagona ngati mwala wa mu Zambezi. Ndinangolota ntchito basi."

"Munalota chiyani?"

"Karinya ya ku mgodi ikubwerera m'mbuyo. Pii, pii, pii. Umadziwa galimoto za kumeneko, zonse zimalira zikamabwerera, ndi kambendera kawo pamwamba. Ndinati, Mulungu wanga, ngakhale m'tulo malasha akunditsatira."

"Mwina ndi kutopa," anatero Nádia.

Anatuluka, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kachipinda ka jeleira kanali ndi chitseko chachiwiri chotulukira m'kanjira ka kumbuyo, kamene ankadutsamo ogulitsa makala okha. M'mphepete mwa kanjirako munali mtengo wa msawu umene nthambi zake zinkalendewera pakati pa njira. Mumchenga munali mizere iwiri yaikulu ya matayala, yofika pa chitseko penipeni. Nádia anatukula maso. Pa minga ya msawu, pamwamba poti dzanja silingafike, panali kachidutswa ka nsalu yowala, ya mtundu wa lalanje.

Anakathyola ndi ndodo n'kukaika m'thumba. Maloto a Adriano anali atasiya mapazi.

* * *

Mayi Fátima, a chipinda china cha pa kintali, anali pa mpopi, akutsuka beseni ndi mphamvu zoti beseniyo imve kuti iwo akwiya. Anakulira ku Mwanza, ku Malawi, nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa chawo chinali chothamanga ngati njinga yotsika phiri. Jelinyu amene anasungunuka anali wawo. Ankamugulitsa pa geti.

"Malambe anga onse, mwanawe! Shuga wanga! Ndinasefa usiku wonse wa Lachisanu. Ine mbale wako ndimamukonda, koma walahi, nyimbo sizidyedwa."

"Kapulana munaiona nokha ikupachikidwa?"

"Ndinaiona ili kale pa khomo. Ndinali pano ndikuchapa. Anabwera Raul, akuti, mayi Fátima, simukuona kapulana? Chotsani galuyo, woimba wayamba. Ndiye ndinamukoka Karavau kupita naye ku geti. Galu ameneyu ndi Raul samwerana madzi, amamuuwa ngati wakuba." Anaima pang'ono, ngati mawuwo awadabwitsa eni ake, kenako anapitiriza kutsuka.

"Raul anapita nanu kutsogolo?"

"Anatsala. Akuti foni yake imagwira bwino kumbuyoku."

"Ndipo inu m'kachipinda ka jeleira simunalowe."

"Ine? Lamulo ndimalidziwa. Jeleira ikazima sititsegula, kuzizira kumathawa."

Nádia anakhala pa ndowa yovundikira, n'kutambasula miyendo. "Loweruka masana, dzuwa lija, anthu akupita ku mpira, inu muli pa geti, osagulitsa jelinyu ngakhale mmodzi. Mayi Fátima, inu mukalowa kumwamba opanda mafunso."

Beseni inaleka kulira.

"Awiri atatu okha," anatero motsitsa mawu. "Anali makasitomala anga a masiku onse. Ndinamangirira galu ku geti, ndinalowa monyang'ama, ndinatseka msanga. Usawauze a Dona."

"Mashinelo munawaika pati potsegula?"

"Mashinelo ati?"

"A Flávio. A pa chivundikiro."

Mayi Fátima anayang'ana m'mwamba, akukumbukira. "Panalibe. Eya, panalibe! Ndinathokoza Mulungu, chifukwa mashinelo a mbale wako amanunkha ngati chikowa chimene chavumbwa ndi mvula. Masiku ena ndimachita kuwanyamula ndi kamtengo."

"Masiku ena?"

"Iwe, ukufuna mbuzi kapena ukufuna ine?"

"Mbuzi. Zinalimo?"

"Zinalimo. Ndinachita kukankha mwendo wa ina kuti ndifike pa jelinyu wanga. Jeleira inali itazima kale."

Tsopano Nádia ankadziwa kuti kapulana ija inanama. Wina anaipachika kuti galu achoke, anthu achoke, ndi kuti aliyense alumbire kuti Flávio anali m'nyumba. Anazula ndi chingwe chomwe, kuti zifanane. Koma mwambowo anangouonera kunja. Za mashinelo sanazidziwe.

Kudziwa zimenezi sikunali kokwanira. Dona Isaura akanangonena kuti wakuba sakumbukira kuvula nsapato. Pankafunika munthu woti anene kumene Flávio anali, ndipo munthuyo anali ndi mawu okwera ndi milomo yofiira.

* * *

Joaninha anali m'nyumba yaikulu, akusita nsalu za pa matebulo a ukwati. Anali mtsikana wamng'ono thupi, wa kwaya ya ku parokiya. Nádia atalowa, iye sanatukule mutu.

"Dzulo akuti unali ku salau kokonzetsa tsitsi masana onse," anatero Nádia.

"Eya."

"Ukawadandaulire. Tsitsi lako ndi lomwe lija la Lachinayi, ndi kaulusi koyera kaja kadakali kuseri kwa khutu."

Simbi inaima pamalo amodzi mpaka nsalu inayamba kununkha. Nádia anaichotsa yekha n'kuiimika.

"Mana Nádia, ine sindinagone." Misozi inali kale m'masaya. "Ndinamupempha mano Flávio mwezi watha kuti andipekere nyimbo ya amama. Ndimafuna ndiwaimbire pa ukwati, asakudziwa. Pano sitikanajambula, akanamva mawu anga. Ndiye tinapita ku Degue, kwa Joaquim, mnzake wa kuntchito. Akazi a Joaquim analipo nthawi yonse, ndi amene ankatigwirira chitseko cha kabati. Palibe choipa chimene chinachitika."

"Ndikudziwa."

"Inu mukudziwa. Apongozi anga adziwa? Mayi ake a Nelito wangayo lilime lawo limafika kutsidya ku Matundo iwo ali kuno. Adzati mkwatibwi anakwera njinga yamoto ndi mwamuna wina kupita ku Degue, kwatsala sabata imodzi. M'mawa uja ndimafuna kulankhula, mano Flávio anandiyang'ana, anapukusa mutu."

"Ndi mmene alili. Amaganiza kuti kukhala chete ndi mankhwala a matenda onse."

"Ndichite chiyani?"

Nádia anaona kuti akanatha kumukankha, ndipo mtsikanayo akanagwa. Anasankha kusatero.

"Ine sindikutchula dzina lako. Ndinena zanga zokha, mwina zikwana. Zikapanda kukwana, dzuwa lilowabe."

Anatuluka. Kumbuyo kwake simbi sinayambenso kuyenda.

* * *

Dona Isaura anabwera mithunzi itatalika, koma nthaka idakali yotentha. Raul anali atafika kale. Anali ndi chingwe choyezera, akuyeza zenera la chipinda cha Nádia kuchokera kunja. Pa geti panaima karinya yoyera, mlongoti wautali uli kumbuyo kwake, ndipo mkati munali bambo wina wa ku mgodi amene ankafuna chipinda.

"Ndangoti tisataye nthawi, tia," anatero Raul. "Vicente uyu akhoza kulowa Lachitatu."

Dona Isaura anakhala pa mpando wa pakhonde, n'kuyang'ana Flávio. "Mbuzi zanga?"

"Ndilibe, mayi."

"Unali kuti?"

Flávio anapinda manja pachifuwa. Mayi Fátima ndi Adriano anali atayandikira, aliyense akunamizira kuti ali ndi chochita pafupi.

"Dona Isaura," anatero Nádia, "ndifunseko pang'ono. Lamulo la mashinelo analiika ndani?"

"Ndine."

"Mano Flávio anaiwalapo tsiku lina?"

"Nee. Pa zimenezo sindingamunamizire."

"Dzulo jeleira inazima, kapulana inali pa khomo, koma pa chivundikiro panalibe mashinelo. Alipo amene anaona." Mayi Fátima anayamba kuyang'anitsitsa nyerere za pa khoma. "Adriano amamva phazi la mano nthawi zonse akamajambula. Dzulo sanalimve."

"Nada," anatero Adriano.

"Zimenezo ndi nkhani za kukhoti," anatero Raul, akukulunga chingwe chake. "Munthu wofuna kuba angavule nsapato? Ine ndanena kale, ndinamumva akuimba."

"Ndi makutu anu."

"Ndi makutu angawa."

"Nyimbo yanji?"

"Zake zonse zimafanana."

Dona Isaura anapumira m'mwamba. "Mwana iwe, sukulu unapita, ndikuona. Koma mbale wako pakamwa ali napo. Akanakhala kuti kunalibe, bwenzi atanena kumene anali."

Nádia anapisa dzanja m'thumba mmene munali kachidutswa kaja. Zake zinali zitatsala pang'ono kutha, ndipo sizinakwane. Sanayang'ane ku chitseko cha nyumba yaikulu. Anangomva chikulira.

"Mama." Joaninha anaima pakhomo, manja atagwira kutsogolo. Mawu ake ankamveka mpaka ku geti. "Raul sanamve kanthu. Mano Flávio anali ndi ine ku Degue, kwa Joaquim ndi akazi ake, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Timajambula nyimbo yanu. Ndimafuna mudzaimve tsiku la ukwati. Amene akufuna kukauza apongozi anga apite, ine ndikawauza ndekha mawa."

Pa kintali panangoti zii, ngati wina wapachika kapulana.

"Ndiye amene unamumva akuimba ndani, Raul?" anafunsa Dona Isaura pang'onopang'ono.

"Mwina inali wailesi ya kwa aneba, tia. Munthu akhoza kusokoneza."

Nádia anapita ku geti, n'kupempha bambo wa m'karinya kuti atsitse mlongoti wake. Kambendera ka pamwamba kanali kong'ambika ngodya imodzi. Anatulutsa kachidutswa ka m'thumba mwake n'kukagundanitsa pamenepo. Kanakwanira ngati kiyi pa loko.

"Aa, ndiye kanatsala kuno!" anatero Vicente mosangalala. "Mtengo wa kumbuyo kuja ndi woipa. Dzulo pobwerera m'mbuyo unandikola."

"Munkadzatani kumbuyo kuja, bambo?" anafunsa Dona Isaura, amene tsopano anali ataimirira.

Vicente anayang'ana nkhope za anthu, chimwemwe chikumuchoka pang'onopang'ono. "Kudzatenga nyama, mayi. Raul anati jeleira ya azakhali ake yawonongeka, tiithandize isaole. Tinakaisungitsa ku baraka, kasitolo ka mnzake, ku dera la Samora Machel. Kodi sanakuuzeni?"

Foni ina ya Raul inayamba kulira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake, sanaiyankhe.

"Tia, ine ndimafuna kukuthandizani. Zipinda izi zikanakusinthirani moyo. Nyama ili bwinobwino, ndikanaibweza ukwati usanafike, ndikanati ndaipeza."

"Ukanaipeza mwana wa eni ali ku esikwadira." Dona Isaura sanakweze mawu. "Ine ndinagonapo pansi pa mtengo m'dziko la eni, nthawi ya nkhondo, ndi mwana wakhanda. Amene anatipatsa khonde sanatiyeze ndi chingwe. Pita ukatenge mbuzi zanga, ndi ziboda zomwe. Jelinyu wa Fátima ubweza. Za esikwadira ndiziganiza ukwati ukatha. Pa ukwatipo iwe malo ako ndi kumapoto, ndipo malaya amenewo usavale, adzada."

Karinya inabwerera m'mbuyo ikulira pii, pii, pii. Adriano anaigwedezera mutu ngati waona m'bale wake.

* * *

Mbuzi zinabwera dzuwa likufiira kutsidya kwa mtsinje, zolimba gwa ngati nkhuni. Anazibwezera m'jeleira, chingwe chinalowa kukhoma, kung'ung'uza kunayambiranso.

Dona Isaura anaitana Flávio pakhonde.

"Iwenso ndiwe chitsiru," anatero. "Ukanagona m'ndende chifukwa cha nyimbo?"

"Chifukwa cha Joaninha, mayi."

"Ndakulakwira." Analinena mwachangu, ngati munthu womeza mankhwala owawa. "Tsopano ndimve. Chinsinsi chafa kale."

"Sinathe. Mawu a Joaninha alipo, gitala alipo. Pakusowa woyankha."

"Ndimve yosathayo."

Flávio anabweretsa komputadori n'kuiika pa mpando. Gitala anayamba pang'onopang'ono, kenako mawu a Joaninha analowa, oonda, oyera:

*Powoloka pa Zóbuè munandibereka kumsana,*
*dzuwa linatentha inu, ine ndinagona mumthunzi.*
*Lero ndikupita kwa eni, mama,*
*mthunzi wanuwo ndautenga pang'ono.*

Pambuyo pa mzere uliwonse panali kampata, gitala yekha akuyenda, akudikira mawu amene kunalibe. Joaninha anali atabisa nkhope pa phewa la mayi Fátima. Dona Isaura anamvetsera manja ali pamaondo, nkhope yosasuntha. Nádia, amene tsiku lonse ankayang'ana zinthu zing'onozing'ono, anaona chala chawo chachikulu cha kuphazi chikukwera ndi kutsika.

Nyimbo itatha, Dona Isaura anatsokomola.

"M'mipatamo muyenera kukhala chiyani?"

"Mayi akuyankha mwana," anatero Flávio. "Ndimaganiza zopempha wina wa ku kwaya."

"Wa ku kwaya anawoloka pa Zóbuè ndi mwana wanga?"

"Ayi, mayi."

"Kabati yakoyo ndingakwanemo?"

Flávio anayang'ana Nádia, Nádia anayang'ana kumwamba. "Tikachotsa majekete, mukwana."

"Chotsa. Koma mwachangu, nyama yavutika kale." Anatembenukira kwa ena. "Fátima, galu. Adriano, zimitsa chimphepo chakocho. Nádia, waimiranji? Pachika kapulana."

Flávio anawerama kuti avule mashinelo ake, koma Dona Isaura anamugwira mkono. Analowa okha m'kachipinda ka jeleira kaja. Kung'ung'uza kunaleka. Atatuluka, anali opanda nsapato, akudumphadumpha pa nthaka yotentha kulowera ku khomo la kapulana yofiira, ndipo mashinelo awo a ku misa anali atakhala bwinobwino pa chivundikiro cha jeleira.